Mayi Amene Anatsala pa Ebenezer

M'nkhani yathu ya mbiri lero tiwoloka nyanja yamchere kupita ku mzinda wa Atlanta, m'chigawo cha Georgia, kummwera kwa dziko la America. Kumeneko, pa 29 Juni 2023, kunamwalira mayi wina wokalamba wa mpingo wa Baptist ali ndi zaka 95. Dzina lawo linali Christine King Farris. Ndikhulupirira kuti ambiri a inu dzinali simunalimvepo. Koma ndikatchula mlongo wawo, Dr. Martin Luther King Jr., pafupifupi aliyense agwedeza mutu.

Dr. King anakhala pansi pano zaka 39 zokha. Mayi Farris anakhala zaka zina 55 chimwalirire mlongo wawoyo, ndiye kuti zaka zimene anamulira zinaposa zaka zonse zimene iye anapuma mpweya. Mabuku a mbiri amakonda munthu amene anagwa pankhondo, ndipo sitingawadzudzule pa ichi. Komatu pamaliro paliponse pamakhala wina amene amatsala pakhomo olira onse atabalalika, amene amakolola mphasa, nadzuka m'maŵa mwake kukasonkha moto. M'banja la King munthu ameneyo anali mayi aŵa.

Anabadwa pa 11 Sepitembala 1927 m'nyumba yamatabwa yosanja, nambala 501 pa msewu wa Auburn Avenue. Nyumbayo inali ya agogo awo akuchikazi, abusa Adam Daniel Williams, amene anatenga mpingo wa Ebenezer Baptist m'chaka cha 1894 uli ndi akhristu 13 okha. Mwana wamkazi wa abusaŵa, Alberta, anakwatiwa mu Novembala 1926 ndi mlaliki wachinyamata wochokera kumudzi, Michael King, mwana wa mlimi wosauka wolima m'munda wa eni ake. Mnyamatayo sanamange yakeyake. Analoŵa m'nyumba ya apongozi, monga muja tichitira kwathu kuno pa chikamwini, ndipo apongoziwo atamwalira m'chaka cha 1931 anatenganso ubusa wa pa Ebenezer. Ndiye amene pambuyo pake, atabwera ku msonkhano waukulu wa Abaptisti ku Berlin m'chaka cha 1934, anayamba kudzitcha Martin Luther King. Christine anali mwana wachisamba. Martin anamupondera mu Januwale 1929, ndipo chitsirizira, Alfred Daniel, amene onse ankangomutcha A.D., anabadwa mu Julayi 1930.

Kuti timvetse chimene tchalitchi chinali kwa anthu ameneŵa, tiyenera kukumbukira masiku amenewo. Malamulo a zigawo zakummwera ankalekanitsa anthu akuda ndi azungu kusukulu, m'basi, kuchipatala, ngakhale pa mpopi wa madzi akumwa. Msewu wa Auburn Avenue unali ngati chilumba: anthu akuda anali ndi banki yawo, kampani yawo ya inshuwalansi, masitolo awo ndi nyuzipepala yawo. Koma chinthu chimene chinali chawo kotheratu chinali mpingo. Mwambo wa Abaptisti ngwakuti mpingo uliwonse umadzilamulira wokha, umaitana wokha mbusa wake, numulipira ndi chopereka chake. Palibe bishopu wakutali amene angamuchotse. Kwa zidzukulu za akapolo, zimene zinkaletsedwa kuponya voti ndi misonkho ndi mayeso achinyengo, ichi sichinali chinthu chaching'ono. Munthu amene mkati mwa sabata azungu ankamuitana ngati kamnyamata, Lamulungu anali adikoni olemekezeka.

Abaptisti sabatiza makanda. Munthu amadzuka yekha, napita kutsogolo kukavomereza chikhulupiriro chake, kenaka amamizidwa m'madzi. Dr. King analemba yekha, ali pasukulu ya ubusa, mmene iye analoŵera mumpingo. Panali msonkhano wa chitsitsimutso, mlaliki wachilendo naitana ana ofuna kudzipereka. Woyamba kunyamuka anali Christine. Martin ataona kuti mlongo wake wapita, naye anadzambatuka, ndipo anavomereza poyera kuti chimene chinamunyamula sichinali kukhudzidwa mumtima, koma kusafuna kupambanidwa ndi mlongo wake. Nkhaniyi anthu amaikamba ngati nthabwala, koma ine ndimaona kuti ili ndi tanthauzo: mlaliki wotchuka uja analoŵa pakhomo la mpingo akutsata mapazi a kamtsikana.

Guwa la pa Ebenezer linali la amuna, ndipo palibe amene akanaganiza masiku amenewo kuti mwana wachisamba wa abusa angalalikire, pokhala anali wamkazi. Koma taonani mmene mpingowo unayendera. Agogo aakazi, Jennie Williams, anatsogolera bungwe la amayi kwa zaka zambiri. Mayi Alberta anaphunzira uphunzitsi, koma lamulo la nthaŵiyo silinkalola mkazi wokwatiwa kuphunzitsa m'sukulu za boma. Motero luso lawo analipereka kumpingo, nayambitsa kwaya, nakhala woimba limba kwa zaka pafupifupi 40. Ubusa womwewo unachoka kwa abusa Williams kupita kwa abusa King kudzera mwa mwana wamkazi. Christine anakulira pakati pa amayi aŵiriŵa, naphunzira kuimba ndi liwu lokwera la soprano limene Akhristu a pa Ebenezer analimva kwa zaka makumimakumi. Imfa yoyamba imene anaiona m'nyumbamo ali wozindikira inali ya agogo Jennie, amene anadwala mtima mwadzidzidzi mu Meyi 1941 atapita kukalankhula pa tsiku la amayi kumpingo wina. Christine anali ndi zaka 13. Martin, atamva za imfayo, anadziponya pawindo la m'chipinda cham'mwamba chifukwa cha chisoni, koma sanavulale kwambiri.

M'chaka cha 1944 Christine analoŵa sukulu ya ukachenjede ya Spelman, kumene amayi ake ndi agogo ake anaphunzirako. Sukuluyi inayambika mu Epulo 1881 m'chipinda chapansi cha tchalitchi cha Friendship Baptist, ndi ophunzira 11, ndipo anaiyambitsa amayi aŵiri achizungu a mpingo wa Baptist, Sophia Packard ndi Harriet Giles, kuti iphunzitse akazi akuda ongotuluka muukapolo. Pano ndipatuke pang'ono, pakuti dzina la Spelman silachilendo m'mbiri ya Malaŵi. Mayi Emma DeLaney, amene anafika ku Mbombwe m'boma la Chiradzulu m'chaka cha 1902 kudzathandiza abusa John Chilembwe pa Providence Industrial Mission, anaphunzira ku Spelman komweko. Mnyamata wina amene mayiyu anamphunzitsa, Daniel Malekebu, anamtsatira ku America, naphunzira udokotala, nabwera kudzatsegulanso mishoniyo m'chaka cha 1926; ndipo mkazi wake, Flora, nayenso anali wophunzira wa ku Spelman. Choncho amayi a PIM amene amasonkhana ku Mbombwe ndi mayi amene tikumukumbukira lero anamwa pa chitsime chimodzi.

Christine anatsiriza maphunziro a zachuma m'chaka cha 1948, chaka chomwecho chimene Martin anatsiriza ku Morehouse, sukulu ya anyamata yoyandikana nayo. Anafuna kupitiriza pa University of Georgia, koma sukuluyo sinkalandira anthu akuda, ndipo sinawalandire kufikira 1961. Motero anakwera ulendo wa ku New York, ku Columbia University, kumene anatenga madigiri aŵiri a zauphunzitsi, mu 1950 ndi mu 1958. Anayamba ntchito pa sukulu ya pulayimale ya W. H. Crogman mu Atlanta, ndipo m'chaka cha 1958 anabwerera ku Spelman kukaphunzitsa. Sanachokenso. Anapuma ntchito m'chaka cha 2014, ataphunzitsa zaka 56, ali ndi zaka 86 zakubadwa. Ntchito yawo yaikulu inali kuphunzitsa kaŵerengedwe ndi kusula aphunzitsi a maŵa. Pa 19 Ogasiti 1960 anakwatiwa ndi Bambo Isaac Newton Farris, ndipo Mulungu anawapatsa ana aŵiri, wamwamuna ndi wamkazi.

Za nkhondo yomenyera ufulu wa anthu akuda sindinena zambiri, chifukwa mudazimva kale: kunyanyala mabasi ku Montgomery kuyambira mu Disembala 1955, bomba limene linaponyedwa pakhonde la nyumba ya Dr. King mu Januwale 1956, mpeni umene mayi wina wodwala misala anawabaya nawo pachifuwa ku New York mu 1958. Mayi Farris anayenda nawo pa ulendo wa ku Selma mpaka ku Montgomery m'chaka cha 1965. Koma gawo lawo lenileni m'zaka zimenezo linali lija limene silijambulidwa: kukhala pafupi ndi makolo nthaŵi iliyonse lamya ikalira usiku.

Pa 4 Epulo 1968, kutatsala masiku khumi kuti ifike Pasaka, anali kunyumba akusokera mwana wawo wamkazi diresi la chikondwererocho, pamene wailesi yakanema inadula pulogalamu yake ndi kulengeza kuti Dr. King aomberedwa ku Memphis. M'maŵa mwake anakwera ndege pamodzi ndi mlamu wawo Coretta kukatenga mtembo. Patapita zaka 40 anauza atolankhani kuti mumzinda umenewo anali asanapondemonso. Thupi linagonekedwa m'kachisi wa Sisters Chapel, pa Spelman pomwe ankaphunzitsa, kuti anthu aone nkhope. Pa 9 Epulo mwambo wa maliro unachitikira pa Ebenezer, ndipo bokosi linanyamulidwa pa ngolo yakumunda yokokedwa ndi nyulu ziŵiri. Bwanamkubwa wa Georgia panthaŵiyo, Lester Maddox, amene ankalimbikira tsankho poyera, anakana kupereka ulemu wa boma, nazinga nyumba ya malamulo ndi apolisi pamene chikhamu cha olira chinkadutsa.

A.D. anabwerera ku Atlanta kudzathandiza bambo ake pa guwa m'malo mwa mkulu wake. Sipanapite nthaŵi. Pa 21 Julayi 1969 anapezeka atafa m'dziŵe losambira la pakhomo pake, kutatsala masiku 9 kuti akwanitse zaka 39. Akuluakulu a boma anati inali ngozi ya kumira. Ena a m'banjamo sanakhutire nawo mawuwo, pakuti ankamudziŵa kuti anali katswiri wosambira. Mwa ana atatu a m'nyumba ya pa Auburn Avenue munatsala mmodzi, ali ndi zaka 41, ndi makolo aŵiri okalamba, ndi alamu aŵiri amasiye, ndi ana 9 a alongo awo amene tsopano ankayang'ana kwa azakhali.

Akuluakulu anati chakudza sichiimba ng'oma. Lamulungu la pa 30 Juni 1974 linacha ngati Lamulungu lina lililonse. Mayi Alberta, ali ndi zaka 69, anakhala pa limba, nayamba kuimba Pemphero la Ambuye, mpingo wonse utaŵeramitsa mitu. Mnyamata wina wa zaka 23 wochokera ku Ohio, Marcus Wayne Chenault, amene anakhala pafupi ndi limbalo ngati mlendo wodzapemphera, anaimirira ndi mfuti ziŵiri zazing'ono nayamba kuombera. Anapha Mayi Alberta ndi dikoni Edward Boykin, navulaza mayi winanso. Nayenso anali munthu wakuda, wosokonezeka maganizo, amene anadzaza mutu wake ndi chiphunzitso chakuti abusa achikristu ndiwo adani a mtundu wake. Mayi Farris anali m'tchalitchimo m'maŵa umenewo.

Apa ndi pamene ndifuna kuti tiime pang'ono, omvera. Alongo awo anafera kutali, wina ataomberedwa pakhonde la hotela mumzinda wachilendo, wina kunyumba kwake. Ku Memphis munthu akhoza kulumbira kuti sadzapitakonso, ndipo lumbirolo n'losavuta kulisunga. Koma amayi awo anaomberedwa m'nyumba imene iwo anabatizidwiramo, pafupi ndi mipando ya kwaya imene ankaimbiramo. Kuti apitirize kukhala Mkhristu wa pa Ebenezer kunatanthauza kuloŵa pa khomo lomwelo Lamulungu lililonse, kuyang'ana pamalo pomwe amayi awo anagwera, ndi kunena pemphero lomwelo, limene mkati mwake muli mawu a kukhululukira adani. Atlanta ndi mzinda wa matchalitchi ambirimbiri a Baptist, ndipo akanasamukira kwina palibe akanawanena. Sanasamuke. Anapempherabe m'kachisi yemweyo zaka 25, kufikira mpingo unamanga wina wamkulu kutsidya kwa msewu m'chaka cha 1999, ndipo pomwalira anali atakhala mumpingomo nthaŵi yaitali koposa wina aliyense.

Bwalo la milandu linagamula kuti Chenault aphedwe. Banja la King silinafune zimenezo. Abusa King achikulire, amene anataya ana aamuna aŵiri ndi mkazi m'zaka 6, ankanena mobwerezabwereza kuti salola munthu aliyense kuwatsitsa mpaka kufika pomuda. M'chaka cha 1995 chigamulocho chinasinthidwa kukhala ndende ya moyo wonse, ndipo kukana kwa banjali chilango cha imfa kunathandizapo. Mnyamatayo anamwalira ndi matenda chaka chomwecho. Ena amati kukhululuka kotere n'kufooka, ena amati n'kudzionetsera. Ine sindikhoza kuloŵa mumtima mwa munthu. Chimene ndiona n'chakuti anthu ameneŵa analalikira kusabwezera pamene adani awo anali azungu atsankho, ndipo tsiku limene mfuti inali m'manja mwa mwana wa mtundu wawo sanasinthe chiphunzitsocho.

Bambo awo anapuma ubusa m'chaka cha 1975, namwalira pa 11 Novembala 1984. Kuyambira pamenepo Mayi Farris ndiwo anali okhawo amene anaona zonse kuchokera pachiyambi. Anagwira ntchito limodzi ndi mlamu wawo Coretta pomanga King Center, bungwe losunga mbiri ndi chiphunzitso cha Dr. King, nakhala msungichuma ndi wachiŵiri kwa wapampando kwa zaka zambiri. Anaona Pulezidenti Ronald Reagan akusainira lamulo, mu Novembala 1983, lakuti tsiku lobadwa mlongo wawo likhale tchuthi cha dziko lonse, ndipo chaka ndi chaka mu Januwale ankatsogolera mapemphero a chikumbutsocho pa Ebenezer. Anthu ankawazindikira patali ndi zipewa zawo zazikulu zokongola, zogwirizana ndi chovala cha tsikulo. Musaseke. Amayi akuda a m'mipingo ya kummwera, amene ambiri a iwo ankavala yunifolomu ya utumiki m'makhitchini a azungu masiku 6 pa sabata, ankati tsiku la Ambuye munthu aonekere pamaso pa Mulungu ali mfumukazi.

Chinthu chimodzi chinkawadetsa nkhaŵa pamene ankakalamba: mlongo wawo anali kusanduka chiboliboli. Ana asukulu ankamudziŵa ngati munthu wamwala amene sanakhalepo mwana. Motero m'chaka cha 2003 analemba buku la ana lotchedwa My Brother Martin, ndipo mu 2009 analemba mbiri ya moyo wawo, Through It All. M'buku la analo anasimba za tinyamata tiŵiri tosamva, timene tinamasula miyendo ya mpando wa piyano kuti mphunzitsi wa nyimbo agwe, ndi kumangirira chikopa chaubweya cha agogo kundodo n'kumaopseza nacho anthu odutsa mumsewu madzulo. Anasimbanso za tsiku limene ana a mzungu wa sitolo ya kutsidya kwa msewu analetsedwa kuseŵera nawo chifukwa cha khungu, ndi mmene amayi awo anawakhazikira pansi kuwafotokozera za ukapolo ndi tsankho. Palibe wina akanalemba zimenezi. Onse amene anaziona anali kumanda.

Moyo wautali umaonetsa zokoma ndi zoŵaŵa zomwe. Anaona mwana wa mlongo wawo, Bernice King, akudzozedwa ubusa pa Ebenezer m'chaka cha 1990, chinthu chimene m'utsikana wawo sichikanalotedwa. Anaona mwana wawo wamkazi akuphunzitsa nawo limodzi pa Spelman, ndi mdzukulu wawo akukula mumpingo wa makolo. Anaona munthu wakuda, Barack Obama, akusankhidwa kukhala pulezidenti m'chaka cha 2008, nalankhula iwo eni mu Okutobala 2011 potsegulira chipilala cha Dr. King ku Washington. Anaona mbusa wawo, Raphael Warnock, amene anatenga mpingowo mu 2005, akukhala munthu wakuda woyamba kuimira Georgia m'nyumba ya Senate mu Januwale 2021. Koma anaikanso m'manda Coretta mu 2006, ndi Yolanda, mwana wachisamba wa Dr. King, mu 2007. Anaona ana a mlongo wawo akutengerana kukhothi, mu 2008 ndiponso mu 2014, ulendo wachiŵiriwo pokangana za Baibulo la bambo awo ndi mendulo ya Nobel. Dzina lalikulu nalo ndi chuma chamasiye, ndipo tonse tidziŵa zimene chuma chamasiye chimachita pa abale. Amuna awo, Bambo Farris, anamwalira mu Disembala 2017, atakhala m'banja zaka 57.

Mayi Farris anatsikira kuli chete kutatsala tsiku limodzi kuti zikwane zaka 49 chiphedwere amayi awo. Mu Julayi 2023 thupi lawo linagonekedwa mwaulemu wa boma m'nyumba ya malamulo ya Georgia, nyumba yomwe ija imene inazingidwa ndi apolisi pamene ngolo ya nyulu inkadutsa ndi bokosi la mlongo wawo. Ophunzira awo akale, ena a iwo agogo tsopano, anadzaona nkhope, ndipo amayi ambiri anafika atavala zipewa. Kuchokera kumeneko anawatengera ku Auburn Avenue, ku Ebenezer, mtunda wongoyenda pansi kuchokera pa nyumba nambala 501 imene anabadwiramo.